Asisitere atipempha kuti tikhale abwenzi a chipani chawo cha usisitere: lonjezo limeneli limafuna chiyani?

MayiWaLimana_Ngabu
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa tchalitchi lina la kumudzi kuno ku Chigwa cha Shire, asisitere apempha akhristu eni ake, amayi ndi abambo omwe, kuti ena alowe gulu la abwenzi a chipani chawo. Akuti pakhala maphunziro, kenako anthu adzachita lonjezo pa Misa lokhudza pemphero, umodzi ndi ntchito za chilungamo. Chidwi chilipo koma mafunso ndi ambiri. Kodi lonjezoli ndi malumbiro ngati a asisitere? Wapabanja angalowe? Ukatopa ungatuluke osachimwa? Komanso mabungwe tili nawo kale, Legio ya Maria, Aksio Katolika, Chigwirizano cha amayi, St Vincent de Paul. Mantha athu ndi oti gulu latsopanoli lingadzathere pa nsalu ya yunifomu ndi kusesa pakhomo pa asisitere. Amene mukudziwa bwino, tiuzeni mmene zimayendera.

KatekisitiWaTengani
Mayi, tiyambe talekanitsa zinthu ziwirizi. Sisitere amalumbira umphawi, kudzisunga ndi kumvera. Malumbiro akewo amalandiridwa ndi mkulu wa chipani m'dzina la Mpingo, n'chifukwa chake sangangodzuka tsiku lina n'kuwasiya yekha. Njira yofikira pamenepo ndi yaitali. Malamulo a Mpingo a 1983 amati unovisi, nthawi yophunzira usisitere munthu asanalumbire, usachepere miyezi 12 ndipo usapitirire zaka 2. Malumbiro oyamba ndi a kanthawi, zaka zosachepera 3 ndi zosapitirira 6, ngakhale mkulu atha kuwonjezera mpaka zonse pamodzi zikwane 9. Malumbiro amuyaya sachitika munthu asanakwanitse zaka 21.

Bwenzi la chipani salumbira chilichonse mwa zimenezi. Amakhalabe mkhristu mwini wake, pabanja pake, ndi munda wake, mbuzi zake ndi ndalama zake. Chimene amachita ndi lonjezo la nthawi yodziwika, kawirikawiri chaka chimodzi mpaka zitatu malinga ndi chipani, loti adzapemphera, adzasonkhana ndi anzake ndi kugwira ntchito mwa mzimu wa chipanicho. Nthawiyo ikatha iye osafuna kubwereza, palibe tchimo. Akafuna kusiya pakati, amadziwitsa sisitere woyang'anira gulu, zimathera pomwepo. Savala za usisitere, sakhala m'nyumba ya asisitere, savota pa msonkhano waukulu wa chipani, ndipo chipani sichikhala ndi udindo womudyetsa kapena kumuchiritsa. Lamulo 677 ndi limene limauza zipani zokhala ndi magulu otere kuti ziziwasamalira mwapadera kuti azikhala ndi mzimu weniweni wa banja lawolo.

Choyamba kuchita, pemphani asisitere akupatseni malamulo olembedwa a gulu la abwenzi a chipani chawo, ndipo mufunse ngati Bambo Mfumu avomereza. Ngati palibe cholembedwa, musafulumire kulonjeza.

Thonje_Loyera
Ndiye ngati sakudyetsa, sakulipirira mwana fizi, munthu alowerenji? Ndikufunsa moona, chifukwa anthu kumudzi afunsa zomwezi.

SisitereWaChigwa
Funso la a Thonje_Loyera liyankhidwe tsiku loyamba lenileni, maina asanalembedwe, chifukwa magulu ambiri amafera pamenepa. Anthu akamva kuti asisitere akuyambitsa gulu amaganiza kuti kumbuyoko kuli thumba la kunja. Miyezi ikadutsa popanda ufa kapena alawansi, amayamba kujomba mmodzimmodzi, otsalawo n'kumanyozedwa kuti akudyera okha.

Zoona zake n'zakuti zipani zambiri zimadzidalira. Atumiki a Maria Virgo Woyera, mwachitsanzo, ndi chipani chobadwira m'dziko mommuno, chimene Ambuye Louis Auneau adachiyambitsa mu 1925. Sisitere amene ndi namwino kapena mphunzitsi, malipiro ake salowa m'thumba mwake. Lamulo 668 limati zimene wapeza ndi ntchito yake ndi za chipani, ndipo ndi zomwezo zimadyetsa manovisi ndi asisitere okalamba.

Bwenzi amalandira maphunziro, m'bindikiro ndi munthu woyenda naye pa moyo wauzimu. Ifenso timapindula, tisabise. Sisitere amasamutsidwa pakapita zaka zingapo. Mwina wachokera ku Dedza kapena ku Mulanje, Chisena akungochiphunzira kumene. Wodziwa kuti mabanja ati ali pa mkangano wa dimba, nyakwawa uti amamva ukamufikira motani, gogo uti amagona yekha, ndi inu eni mudzi. Ntchito imene yadalira sisitere mmodzi imapita naye tsiku losamuka. Papa John Paul II adalemba za mgwirizano wotere mu 1996 m'kalata ya Vita Consecrata, ndipo adachenjeza kuti usasokoneze moyo wa mkati wa chipani. Ine ndikuwonjezera kuti usasokonezenso banja la bwenziyo. Mayi amene akusiya ana ndi njala kuti akachape makatani a kwa asisitere, gululo lalakwika.

Nyakwawa_Wamng'ono
Takhuta asisitere. Nanga wamitala? Nanga amene ukwati wake sunadalitsidwe chifukwa malowolo sanathe? Kuno amenewa ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene amafika msanga pakagwa vuto.

KatekisitiWaTengani
Yankho lili m'malamulo a gulu aja, chifukwa zipani zimasiyana. Zambiri zimafuna kuti wochita lonjezo pa Misa akhale wolandira masakramenti. Koma ntchito ya chilungamo ilibe chipata. Wamitala atha kuperekeza mayi wamasiye kwa a DC, atha kupalasa bwato populumutsa anthu. Za malowolo, nkhaniyo ipite kwa alangizi a mabanja ndi Bambo Mfumu, chifukwa chimene Mpingo umafuna pa ukwati ndi kuvomerezana kwa awiriwo mwaufulu. Ambiri akhala zaka osalandira Ukaristia pa chinthu choti chikadakambidwa ndi akubanja n'kutha.

AlangiziAMabanja
Apa ndisiyana nanu pang'ono a katekisiti. Mukati ena alonjeze, ena azingogwira ntchito, mwapanga magulu awiri m'gulu limodzi, akutsogolo ndi akumbuyo. Mayi woyamba m'banja la mitala, amene adakwatiwa mu tchalitchi mwamuna n'kudzatenga wina pambuyo, alibe cholakwa, ndipo ameneyo asatsekerezedwe. Nkhani iliyonse iunikidwe payokha, mwachinsinsi, osati kuwerengedwa pagulu. Chinanso: wapabanja asalembetse asanakambirane ndi mnzake. Ndi bwino sisitere kapena wapampando apite kunyumbako akafotokoze masiku a misonkhano ndi kuti kudzakhala kugona ku m'bindikiro kamodzi pachaka. Zikapanda kutero, mwamuna amadzamvera kwa anthu, nkhani n'kuyamba.

KatekisitiWaTengani
Za mayi woyamba mwanena zoona, ameneyo amalandira masakramenti ndipo palibe chomuletsa.

MphunzitsiWopuma_Nchalo
Ndilowe pa kayendetsedwe. Gulu lisapitirire anthu 15. Akachuluka olankhula amakhala atatu, ena onse n'kumangomvera. Ofuna akachuluka, gawani potsata malimana, timagulu tija ta akhristu oyandikana, kuti munthu asayende mtunda wopitirira ola limodzi. Maphunziro oyamba akhale osachepera chaka, kamodzi pamwezi. Mkati mwake mukhale mbiri ya woyambitsa chipani ndi chimene chidamukhudza, kuwerenga Baibulo pamodzi, chiphunzitso cha Mpingo pa za chilungamo kuyambira kalata ya Papa Leo XIII ya 1891 yonena za antchito mpaka Laudato Si' ya Papa Francis ya 2015, ndi malamulo a dziko amene mudzakumana nawo kumudzi. Osadziwa kuwerenga asasiyidwe. Phunziro lizikambidwa pakamwa, m'Chisena kapena m'Chimang'anja monga anthu alankhulira, ndipo aliyense abwereze m'mawu ake zimene wamva.

Msonkhano uliwonse uziyenda magawo atatu: kuona, kuunika, kuchitapo kanthu. Nditenge za sikelo, poti a Thonje_Loyera ali pano. Kuona: alimi akudandaula kuti thumba la thonje kapena chitowe likupepuka likafika pa sikelo ya wogula. Musathamangire kunena kuti akuba. Tengani chigubu cha malita 20, mudzaze madzi mpaka pa mzere. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chiyenera kulemera makilogalamu 20 kuphatikizapo kulemera kwa chigubu chopanda kanthu, chimene mwachiyeza kale. Chikolekeni pa masikelo atatu kapena anayi, mlembi alembe tsiku, malo ndi nambala imene yaoneka. Kuunika: werengani Amosi 8, pamene akudzudzula ochepetsa muyeso ndi onyenga ndi sikelo, mufunsane kuti amene akupwetekeka kwambiri ndani. Mudzapeza kuti ndi amene adatenga katapila mu Januwale ndipo sangadikire msika wabwino. Kuchitapo kanthu: anthu awiri apite ndi pepalalo kwa a nyakwawa ndi kwa alangizi a zaulimi, ndipo kalata ipite kwa a Malawi Bureau of Standards amene amayeza ndi kudinda masikelo. Mwezi wotsatira msonkhano uyambe ndi funso loti adapita kodi, adayankhidwa chiyani.

Gawo lachitatuli ndi limene limathawidwa. Gulu limaona, limaunika, limapemphera, n'kubalalika.

Thonje_Loyera
Ya chigubuyo ndaigwira. Koma wogula akakana kuti mukoleke?

MphunzitsiWopuma_Nchalo
Mlembi alembe kuti wakana, ndi mboni ziwiri. Musakangane naye, musagwire sikelo yake. Alimi akamva kuti uje wakana kuyezetsa, amadziwa okha kopita ndi katundu.

KabazaWaBangula
Zonsezi zili bwino koma nthawi ya misonkhano muiganizire. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40. Kuitana anthu 2 koloko masana m'tchalitchi cha malata ndi kuwazunza. Ikatha Misa yoyamba, pansi pa mtengo, pofika 11 koloko anthu abalalike.

MlongoWaMarka
Komanso nyengo ya dimba, madzi akaphwa, anthu amagona kumunda kubzala chimanga ndi mbatata. Mukaika m'bindikiro pamenepo mupeza mipando yokha.

MayiWaChigwirizano
Ine nditeteze yunifomu pang'ono, poti yatchulidwa ngati chinthu chopanda pake. Nsalu imathandiza. Amayi asanu ovala mofanana akafika pa siwa pamene achibale a mwamuna ayamba kuwerenga katundu, anthu amachita manyazi. Vuto limabwera pamene mtengo wa nsalu wasanduka chipata chotsekera osauka.

SisitereWaChigwa
Zoona mayi. Kwa abwenzi kamtanda kapena kamendulo kolandira tsiku la lonjezo n'kokwanira. Ndipo asachoke m'mabungwe awo. Wa Chigwirizano akhalebe wa Chigwirizano, wa Legio akhalebe wa Legio, ndipo aliyense azipezeka ku limana lake. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, adagwirizana m'zaka za 1973 ndi 1976 kuti malimana ndiwo maziko a Mpingo kuno kwathu. Bwenzi amene akujomba ku limana ponena kuti iye ndi wa asisitere sanamve phunziro.

ParalegalWaChigwa
Poti siwa yatchulidwa, ndifotokoze za chuma cha masiye, chifukwa ndi nkhani imene gululi lidzakumana nayo isanathe miyezi itatu. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene ankawadalira. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende, ngakhale wolandayo akhale mchimwene wa malemu amene adathandiza kupereka malowolo.

Kachitidwe kake ndi aka. Maliro asanaikidwe, anthu awiri a gulu akhale pafupi ndi mayiyo, osalowerera mwambo. Iye akavomera, lembani katundu yense: ng'ombe zingati, mbuzi zingati, njinga, ngolo, bwato, maukonde, malata, matumba a mapira, buku la ku banki, foni imene muli ndalama. Pepala likhale pawiri, lina kwa mayiyo, lina kwa mlembi, ndipo a nyakwawa asayinepo ngati mboni. Tengani kalata yotsimikiza imfa msanga, chifukwa popanda imeneyo ku banki kapena kumene malemu ankagwira ntchito sakumverani. Achibale akayamba kutenga zinthu, yambani ndi kukambirana pamaso pa ankhoswe ndi a nyakwawa, lamulo likufotokozedwa modekha. Zikakanika, Victim Support ku polisi, ofesi ya a DC, kapena Legal Aid Bureau amene amathandiza osauka. Za munda wa makolo zimayenda njira yakeyake kudzera kwa mafumu, ndipo pamenepo pamafunika kuleza mtima kwambiri.

Zimene zimalakwika: gulu limafika patatha mwezi, ng'ombe zitawoloka kale kupita ku Mozambique. Kapena gulu limakalipa m'malo mwa mayiyo, iye asanafune, n'kumusiya pa udani ndi apongozi amene adzakhala nawo moyo wake wonse. Mwini nkhani ndi iye. Inu mumuuze njira zonse, asankhe yekha, mumuperekeze. Ndipo abambo a m'gulu ayambe ndi iwo kulemba wilo: pepala losayinidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, makamaka zosalandirapo kanthu.

MsenaWeniweni
Ndikuona kumene nkhaniyi ikulowera. Posachedwa wina atchula kupita kufa, mwambo uja wochotsa imfa pa wamasiye, ngati kuti ku Nsanje kulibe china. Nthawi zonse a kumtunda akamakamba za ife ndi zomwezo. Mwambo wa Asena uli ndi zabwino zambiri, ana amasiye satayidwa, m'bale wa malemu amawalera. Gulu limeneli likabwera ndi mtima wonyoza makolo athu, anthu alitseka pakhomo.

ParalegalWaChigwa
Achimwene, pa zolera ana sindikutsutsani, ndipo lamulo silikulimbana ndi zimenezo. Koma m'bale wolera ana ndi wina, wotenga ng'ombe n'kusiya ana ndi wina.

NamwinoEastBank
A MsenaWeniweni mwachenjeza bwino, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kukhala m'manja mwa eni dera osati alendo. Koma tisazembe. Kukakamiza mayi wamasiye kugona ndi mwamuna pofuna kuchotsa imfa kumafalitsa kachilombo, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza yotere. Mafumu ambiri a konkuno adaletsa kale. Chimene chimasunga mwambowu ndi mantha oti wina m'banja adwala. Mantha sachoka ndi kuopseza. Amachepa pamene akhristu afika panyumbapo maliro atatha, kupemphera ndi banja lonse, kudya nawo chakudya chophikidwa ndi mayiyo, ndi kubwerabwera masabata otsatira kuti asakhale yekha pamene achibale akumupanikiza.

Ndiwonjeze za ana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa mwana suloledwa ngakhale makolo avomere. Mwana akagwiriridwa, choyamba ndi chipatala, asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo aja a PEP. Asasambe, zovala zisachapidwe, zikulungidwe m'pepala kapena m'nsalu youma. Kenako polisi ndi ofesi ya zosamalira anthu. Nambala ya 116 ndi yaulere. Nkhani yotere siithera pa bwalo la a nyakwawa ndi chindapusa cha mbuzi, ngakhale wopalamulayo akhale wachibale, mphunzitsi kapena wa mu Mpingo momwemo. Bwenzi asamufunse mwana mafunso ambirimbiri, asakhale naye yekha m'chipinda, ndipo dzina la mwanayo lisatchulidwe pa msonkhano wa gulu, ngakhale m'mapemphero. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, koma pamafunika wina wopita naye kwa ahedi ndi wina wotsala ndi khanda.

MsenaWeniweni
Mukafotokoza chonchi ndiye tikumvana. Chachikulu akuluakulu a mwambo muziwaitana pokambirana, osati kuwauza zomaliza.

WakuMakhanga
Anthuni, mukuiwala madzi. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023. Gulu la chilungamo ku Chigwa limene lilibe dongosolo la madzi osefukira silinayambe ntchito.

Pofika Novembala limana lililonse likhale ndi mndandanda wa okalamba, olumala, amayi oyembekezera ndi odwala, ndipo pa dzina lililonse palembedwe munthu amene adzamunyamule. Palembedwenso eni mabwato ndi malo okwera othawirako. Mabuku a kuchipatala, zitupa za unzika, makadi a ubatizo ndi kaundula wa gulu zikulungidwe m'pulasitiki, ziikidwe m'ndowa yotsekera, ipachikidwe kudenga. Amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu akumbutsidwe mwakachetechete kuti botolo lizikhala m'thumba lothawa nalo, chifukwa msewu ukaduka pamatha masabata.

Ku kampu ntchito ya abwenzi si kugawa katundu, imeneyo ili ndi makomiti ake. Ntchito yawo ndi kuyang'anira kuti zikuyenda mwachilungamo. Maina a olandira awerengedwe poyera. Thumba lolembedwa makilogalamu 50 lifike kwa mwini lili losatsegula. Gogo amene sangayende mpaka pogawira alandiriridwe ndi munthu amene iye wamutchula, ndipo wina akaone kuti chafikadi. Zimbudzi za amayi zitalikirane ndi za abambo ndipo kukhale kuwala usiku. Pakhale mayi mmodzi wodziwika amene atsikana angamunong'oneze wina akawauza kuti agone naye kuti dzina lilembedwe. Zimenezi zimachitika, ndipo zipite ku polisi. Thandizo likachokera ku Mpingo, kaya kudzera ku CADECOM, nthambi ya Mpingo yoona za chitukuko, kaya kwa asisitere, ligawidwe poona kusowa. Msilamu, wa Mpingo wina, wopembedza kwa Mbona ku Khulubvi, onse madzi adawapeza mofanana.

KabazaWaBangula
Koma a WakuMakhanga, chilungamo chenicheni si kuwauza anthu asamuke? Chaka ndi chaka Ruo ndi Shire akukumana m'nyumba za anthu.

WakuMakhanga
Asamukire kuti, akadye chiyani? Kumtunda mvula ndi yochepa, mapira amapserera. Dimba ndi limene limadyetsa banja kawiri pachaka, ndipo njala ikavuta anthu amakakumba nyika m'dambo, ng'ona zili momwemo. Osamuka ena apatsidwa malo a nyumba koma opanda munda, mjigo uli kutali, eni malo akuwaona ngati alendo.

MlongoWaMarka
Nonse mukunena zoona. Ambiri akufuna nyumba kumtunda, munda kudimba. Pamenepo ndi pamene gulu lingathandize: kukhala pakati pa osamuka ndi eni malo, kuonetsetsa kuti mgwirizano wa malowo walembedwa ndi kusayinidwa ndi mafumu a mbali zonse, komanso kuti maina a amayi amasiye alipo pa mndandanda wa olandira malo. Kawirikawiri amalemba mutu wa banja wamwamuna, mayi wopanda mwamuna n'kugwera m'banja la mlamu wake.

KabazaWaBangula
Ndipo msewu wa Mtayamoyo nawo muuike m'mapemphero ndi m'makalata, anthu a kutsidya kwa Shire avutika kokwanira.

MkuluWaKwaya
Tabwererani ku funso la mayi aja. Ine nkhawa yanga ndi ndale. Mukayamba kufunsa za maina a olandira thandizo, kulemba makalata, anthu ati gulu la asisitere lalowa ndale. Si bwino kungopemphera ndi kuyendera odwala?

MphunzitsiWopuma_Nchalo
Bambo, pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi ija ya Living Our Faith idawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo mmodzi mwa osayina anali Ambuye Felix Mkhori, episkopi wa Chikwawa pa nthawiyo. Idakamba za malipiro ochepa, sukulu, zipatala ndi ufulu wolankhula. Idanenedwa kuti ndi youkira boma. Lero palibe Mkatolika amene amachita nayo manyazi. Kufunsa kuti thumba la gogo lapita kuti si kuchemerera chipani cha ndale.

Malire alipo ndithu. Gulu lisauze anthu woti amuvotere. Lisalandire nsalu, ndalama kapena galimoto kwa wopikisana pa chisankho. Lamulo 317 la Mpingo limati amene ali ndi udindo wotsogolera m'chipani cha ndale asakhale wapampando wa bungwe la Mpingo la utumiki, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino kuitsata ngakhale pa gulu laling'ono. Nkhani ikakula kuposa mudzi, musaisenze nokha. Ipite ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi, iwo aitengere ku CCJP, bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la dayosizi. Kalata iliyonse yotuluka ndi dzina la gulu aione kaye sisitere woyang'anira ndi Bambo Mfumu.

MkuluWaKwaya
Ndamva, koma kuyendera odwala kusaiwalike. Ena mphatso yawo ndi imeneyo, sangathe kuima pamaso pa a DC.

SisitereWaChigwa
Isaiwalike ndithu, ndipo woyendera odwala ndi amene amayamba kuona kuti m'nyumba muno simunapite utsi masiku awiri.

MsungichumaWakale
Za ndalama palibe wanena. Thumba la gulu likhale laling'ono ndipo ntchito yake idziwike: thiransipoti yoperekeza munthu ku chipatala, ku polisi kapena ku boma, mayunitsi, makope ndi zolembera. Chopereka chikhale chimene wosaukitsitsa m'gulu angakwanitse, ndipo mbale ya mapira kapena nkhuku ilandiridwe m'malo mwa ndalama. Wosunga ndalama akhale wina, wolemba wina, ndipo pa msonkhano uliwonse ndalama ziwerengedwe pamphasa onse akuona. Sisitere asakhale msungichuma, kuti pasadzakhale kunong'ona ndiponso kuti anthu asaope kufunsa. Thumbali lisakongozedwe. Mukafuna banki m'khonde, ikhale yapadera, tsiku lina, buku lina. Mukaziphatikiza, wolephera kubweza ngongole amathawa ndi mapemphero omwe, ndipo msonkhano wonse umathera pa chiwongoladzanja.

MayiWaLimana_Ngabu
Zikomo nonse, ndalemba zambiri. Chatsala ndi mawu a lonjezo lenilenilo. Alembedwe motani kuti asakhale ongokometsera Misa?

KatekisitiWaTengani
Mawu onena pa guwa amachokera ku chipani, simusintha. Koma pambali pake aliyense akhale ndi kapepala kake, kolembedwa mothandizana ndi sisitere, konena zinthu zoti chaka chikatha zingafunsidwe. Pa pemphero: nthawi yanji tsiku lililonse, kaya kolona, kaya kuwerenga Mthenga Wabwino wa tsikulo mphindi 15, ndi m'bindikiro umodzi pachaka. Pa umodzi: msonkhano wa gulu mwezi ndi mwezi ndi limana sabata ndi sabata. Pa chilungamo: ntchito imodzi yokha yotchulidwa dzina, monga kuyendera okalamba atatu a m'limana, kapena kutsata ana osiya sukulu m'mudzi mwake, kapena kusunga mndandanda wa madzi osefukira. Wolemba ntchito zisanu sachita ngakhale imodzi. Wosadziwa kulemba anene pakamwa, mnzake alembe, iye adinde chala. Kutatsala mwezi kuti lonjezo libwerezedwe, aliyense akhale pansi ndi sisitere ndi mnzake mmodzi, aone kapepalako, asankhe kupitiriza, kusintha ntchito kapena kupuma.

AlangiziAMabanja
Wopuma asalengezedwe mu tchalitchi. Ndipo mkazi kapena mwamuna wa wolonjeza aitanidwe pa Misayo, aime pambali pake.

WakuMakhanga
Maphunziro musayambe mu Januwale. Misewu imaduka, asisitere sangawoloke, anthu ali ku makampu kapena akusaka chakudya. Yambani mu Meyi, mvula itatha. Phunziro la madzi osefukira ligwe mu Okutobala kuti mindandanda ikhale itatha mvula yoyamba isanagwe. Kuyambira Januwale mpaka Malichi gulu lizikumana lokha m'malimana popanda kudikira sisitere, ndipo asankhiretu anthu awiri otsogolera miyezi imeneyo, wina wa kumtunda, wina wa kufupi ndi mtsinje.

NamwinoEastBank
A kutsidya kuno muwapatse kope lawolawo la maphunziro onse mu Disembala, ndi nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo ilembedwe pachikuto.